Nkhope ya Apongozi pa Chikuto

Lolemba, 3 Juni 2024

Analipo: ine, mkazi wanga Anjelina, ndi a Vinsenti akatekisiti, amene anabwera kudzabwereka mpope wa njinga n'kukhalitsa.

Buku latha. Mawu omaliza ndalembera pakhonde, dzuwa litangopendeka. "Nyemba Zathu za ku Mapiri," wolemba Benjamini Mwale. Mitu isanu ndi iwiri. Ine wolekezera Sitandade 7, buku!

Zonse zili m'menemo n'za apongozi, aNaphiri, amayi ake a Anjelina. Mitundu ya nyemba, nthawi yobzala m'mapiri muno, kusunga mbewu ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, kaphikidwe. Changa ndi cholembera chokha. Ndipo sitinayankhulanepo. Zaka 23 ndili mkamwini pamudzi pano, tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwo n'kuyang'ana kumbali. Mwambo tinaupeza choncho. Ndiye iwo ankakhala pamkeka kuseri kwa nkhokwe akusankha nyemba, n'kumauza mwana wawo. Ine mbali ino, kope pabondo. Funso langa linkapita kwa Anjelina, Anjelina n'kulipereka kwa amayi ake, ngakhale anali atalimva kale okha. Nthawi zina ankayankha Anjelina asanatsegule n'pakamwa pomwe, koma osaiwala kuyamba ndi "Uwauze amuna akowo kuti..."

A Vinsenti ati buku lodutsa m'nkhokwe lisadzatuluke lofumbwa. Taseka tonse.

Ndalama ya soya ilipo, K100,000. Sindinaikhudze. Lachinayi ku Madisi.

Lachinayi, 6 Juni

Madisi. Njinga yamoto mpaka pa Boma, minibasi kudzera ku Mponela. Fumbi mpaka m'mano. Makope atatu m'jumbo, jumboyo m'kati mwa malaya.

A Hashim ali ndi sitolo ya zolembera, kompyuta ndi makina osindikizira. Bambo awo ndiwo ankandigulitsa masiwiti ndili mwana, poti kwathu n'konkuno. Anandilandira bwino, tiyi ndi mandasi. Mlongo wawo Sadia ndiye atayipe. Wawerenga tsamba loyamba n'kufunsa ngati n'zoona kuti nyemba za kholophethe sizifuna dothi lodikha madzi, akuti zake zinawola chaka chatha. Munthu woyamba kufunsa funso kuchokera m'buku langa. Ndinamuyankha ngati mlangizi.

Mtengo: mabuku 100, lililonse K1,600, yonse K160,000. Ndapereka K100,000. Yotsalayo ndikagulitsa. A Hashim ati, "Munthu wa kwathu sathawa, ndipo mukathawa mlongo wanu ndikumudziwa."

Za chikuto. A Vinsenti anajambula apongozi pa foni yawo atanyamula lichero la nyemba, n'kutumiza kwa a Hashim pa watsapu. Ndawauza a Hashim kawiri: mudule, atsale manja ndi lichero basi. Pa tsamba lothokoza anafuna dzina lenileni la mayiwo. Pakamwa panakana. Chikhalireni sindinalitchulepo, ndinangoliona pa khadi la ubatizo. Ndinawalembera pakapepala n'kukankhira patebulo. Sadia anaseka chobisa nkhope.

Ndagona kwa mlongo wanga Roza. Nkhuku zake zaswana kwambiri, bwalo lonse anapiye.

Lamulungu, 9 Juni

Chisanu cha chaka chino. M'tchalitchi anthu zitenje mpaka m'makutu.

Titatuluka, a Vinsenti ndi ine pansi pa mtengo wa mango kukonza za malonda. Agwirizana nazo: pa 30 Juni adzalengeza mapemphero akatha, ine n'kuima pakhomo ndi katebulo. Akuti adzauzanso atsogoleri a miphakati yonse. Mtengo K2,500. Iwo amati K3,000, ine ndinati munthu wa kuno akamva "firii" amabweza dzanja m'thumba.

Kwina koti ndikayese: msika wa Kasakula, sitolo ya mbewu, aphunzitsi mwezi ukatha. Wina akafuna kulipira ndi nyemba kapena mtedza, ndilandira.

Nkhunda zaswa, maunda awiri m'khola la kumtunda. Yamawangamawanga ija yabwerera, ndinkayesa yapita kwa eni ake akale. Ndinakhala nthawi yaitali ndikungoziyang'ana. Maganizo: buku lachiwiri, la nkhunda. Limeneli ndiye langalanga, losadutsa m'nkhokwe. Ndalemba kale mutu woyamba, kumanga khola moti chona asakwere.

Lachinayi, 13 Juni

A Hashim aimba ndili kudimba. Kutayipa kwatha, masamba 44. Akuti atumiza chikuto pa watsapu ndione. Kafoni kanga n'ka mabatani, chithunzi sikaonetsa. A Vinsenti ali ku maliro ku Chezi, abwera Lolemba. A Hashim akuti magetsi alipo lero, mawa sadziwa. Anawonjezera kuti akongoletsa pang'ono. Ndinati kongoletsani, inu ndinu odziwa. Sindikizani.

Ndabwerera kukathirira mpiru ndikuimba. Anjelina wafunsa ngati ndatola ndalama.

Lachitatu, 19 Juni

Afika! Makatoni awiri, pa lole yobweretsa mchere ndi sopo ku Kasakula. Ndawamanga pa njinga ndekha, njira yonse ndikukankha, kuopa angagwe.

M'nyumba, chitseko chotseka. Fungo la pepala latsopano. Ndinadula chingwe ndi mpeni.

Apongozi.

Nkhope yonse, kuyambira duku mpaka chibwano, akundiyang'ana m'maso. Lichero lili pansi penipeni, laling'ono. M'munsi mwa dzina langa: "Nzeru za Mayi" ndi dzina lawo lija, la pa khadi la ubatizo, lonse. Ndinatseka katoniyo msangamsanga ngati muli njoka. Kutsegula inayo, chimodzimodzi. Apongozi 100 m'chipinda changa chogona.

Ndaimbira a Hashim. Akudabwa kudabwa kwanga. Ati, "A Mwale, manja aliyense ali nawo. Chimene chimagulitsa buku ndi nkhope. Kapena mayiwo ndi oyipa?" Ndinati si oyipa, ndi apongozi. Anati pepani, sanaganizeko. Kusintha zikuto zonse K45,000. Ndilibe. Komanso ndine ndinati sindikizani.

Komabe ndinatenga limodzi, chikuto chozondotsa, n'kutsegula m'kati. Mawu anga m'zilembo za makina, mizere yowongoka ngati m'buku la nyimbo la kutchalitchi. Nanyati, kayera, napilira, zonse m'malo mwake. Ndinawerenga mutu wachitatu wonse nditaimirira. Misozi pang'ono.

Makatoni ali kunsi kwa bedi. Ndawafunditsa chiguduli.

Lachinayi, 20 Juni

Anjelina wawapeza posesa. Anaseka mpaka kukhala pansi, buku pamphumi. Akuti amayi atuluka bwino koma akuoneka ngati akufunsa amene waba nkhuku. Kenako kuseka kunatha.

Mawu ake: "Dzina limenelo ngakhale malemu abambo sankalitchula pagulu. Inu mukufuna mukaliyale pamsika pafupi ndi usipa? Akamva kwa anthu, mtolo wanu ndi umodzi, ndipo njira ya ku Madisi mukuidziwa." Ananena moseka. Koma munda ndikulimawu ndi wa amayi ake, malo a nyumbayi ndi a amayi ake. Ndikudziwa.

Iye akuti tikawauze lero. Ine ndapempha adikire. Ndili ndi nzeru ina: pepala la khaki, lija amakutira makope a ana asukulu. Ndikakutira n'kumata bwino, pamwamba ndilembe mutu ndi dzanja. Za m'kati ndizo zofunika.

Anjelina anangotola tsache.

Khaki ndi guluu K1,500. Ndakutira khumi. Pokutira ndikuyang'ana kudenga.

Loweruka, 22 Juni

Msika wa Kasakula. Ndagulitsa! Anayi!

Ndinakhala kumapeto, kwa okonza njinga, chifukwa apongozi amayala nyemba zawo kumtunda pafupi ndi a tomato. Pakati pathu msika wonse. Ndinayala chiguduli, mabuku khumi pamzere, timilu ta nyemba mitundu inayi kuti anthu aime. Kuitanira malonda sindidziwa. Mawu anga safika patali. Nthawi yaitali palibe anaima, kupatula mbuzi.

Woyamba: mayi wina mphunzitsi. Anawerenga ataimirira tsamba la phulusa, n'kutulutsa ndalama osanenerera. Anati ndimusayinire. Ine kusayina buku! Wachiwiri mwini sitolo ya mbewu. Wachitatu ndi wachinayi a Chikhumbo, mnzanga wa pa bawo, lina lawo lina la mlamu wawo. Anafunsa kuti bwanji buku latsopano lavala yunifolomu. Ndinati fumbi.

K10,000 m'thumba la malaya. Pobwerera ndinaigwira kangapo. Ndagulira nkhunda mapira a K500 kuchokera m'ndalama ya m'nyumba, ya mabuku sindikhudza.

Madzulo ndalemba masamba awiri a buku la nkhunda. Cholembera chikuthamanga chokha.

Lachiwiri, 25 Juni

Zaululika.

Pa bawo, kuseri kwa chigayo. Ndisanakhale n'komwe, a Chikhumbo: "Eee, afika ogulitsa! A Mwale, apongozi ali pa zingati lero? Mukatenga awiri pali kuchotsera?" Anthu onse kufa ndi phwete. Akuti khaki inanyowa ndi tiyi, poichotsa anapeza aNaphiri akuwayang'ana, anatsala pang'ono kupereka moni. Wina anati ena amaopa apongozi panjira, awa amawanyamula m'chikwama. Ndinaseka nawo pang'ono, nkhope ikutentha. Masewera onse awiri ndadyedwa.

Akazi a a Chikhumbo amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi apongozi. Sindinafunikire kuwombeza.

Nditafika kunyumba, Anjelina anali ataitanidwa kale. Uthenga ndi umodzi: "Uwauze amuna akowo atumize limodzi. Lovula."

Ndatumiza. Ndinachotsa khaki ndekha.

Lachisanu, 28 Juni

Zii.

Masana aliwonse Anjelina amapita kuseri kwa nkhokwe kukawawerengera amayi ake, poti maso awo zilembo zazing'ono sakuziona bwino. Ine mbali ino sindikhalako. Ndikamufunsa, akuti amangoti "pitiriza." Osaseka, osakalipa. Buku amaligoneka pamiyendo chikuto chili m'mwamba.

Dzulo ndinakumana nawo panjira ya kudimba. Ndinalowa m'tchire kwambiri kuposa kale, mpaka chitedze. Mwendo ukuyabwabe.

Ndauza a Vinsenti asalengeze Lamulungu. Iwo akudziimba mlandu chifukwa cha chithunzi. Ndati ayi. Akuti kapena tipite kwa ankhoswe tisanaitanidwe. Ndati tidikire.

Apongozi akakana, ndiye kuti mabuku 95 akhala kunsi kwa bedi mpaka chiswe. Soya yense wa chaka chino. Zimenezo n'zopirika. Chimene chikundidya: zaka zonsezi sanandinenepo kanthu koyipa, ndipo nzeru zawo anandipatsa ndi mtima umodzi, mwina akuganiza kuti n'za m'kope chabe. Ndinawauza kudzera mwa Anjelina kuti lidzakhala buku, inde. Sindinawauze kuti lidzakhala pamsika ndi nkhope yawo, chifukwa nanenso sindinkadziwa. Koma khaki ija ndinkadziwa.

Kabawi watenga nkhunda imodzi, yoyera. Za nkhunda sindinalembe chilichonse.

Lamulungu, 30 Juni

Tsiku limene tinkati tilengeze. Palibe katebulo. Apongozi kutchalitchi atavala duku latsopano, lobiriwira, kukhala kutsogolo kwenikweni kumbali ya amayi. Anthu kumangotembenuka, iwo, ine, iwo, ine. Nyimbo sindinazimve.

Masana Anjelina wabwera ndi mawu. Anaima pakhomo ngati mboni, akudziletsa kuseka. Ndalemba momwe ananenera.

Choyamba, a Vinsenti ndi munthu wopanda ulemu, kujambula munthu ali ndi duku la kumunda osamuchenjeza.

Chachiwiri, dzina la mkamwini lakula bwanji kuposa la mwini nyemba?

Kenako ichi: "Dzinalo anandipatsa ndi amayi anga, ndipo chimwalirireni iwo sindinalimvenso. Ndimayesa linapita nawo. Amuna akowo asalitchule, koma pepala lisiyeni linene."

Apa Anjelina sanasekenso.

Chomaliza, chimene chawapweteka si chithunzi. Ndi khaki. Akuti iwo si kope la mwana wa Sitandade 2, ndipo nkhope yawo ilibe chilema choti n'kuibisa kwa okonza njinga. Loweruka makatoni akafike pamalo awo ogulitsira nyemba, onse ovula.

Ndavula asanu otsala aja. Guluu wawononga pang'ono kumbuyo kwa awiri. Ndapita kukhola la nkhunda kukaima, chifukwa m'nyumba miyendo imakana kukhala.

Loweruka, 6 Julayi

Tsiku la ufulu, msika wodzaza. Sindidziwa poyambira.

Ndinafikitsa katoni imodzi m'mawa, kuitula patali pang'ono, Anjelina n'kuinyamula kukafikitsa. Ine ndinakaima kuseri kwa matumba a makala, poti ndiwone koma osaoneka. Apongozi anayala mabuku pakati pa milu ya nyemba, nkhope zonse kuyang'ana kunjira. Duku lobiriwira lija. Anatenga limodzi n'kuliimika pafupi ndi tsaya lawo.

Mawu awo ndi a pamsika, osati anga. "Nayu Naphiri wa papepala, nayu wamoyo! Wamoyoyu sagulitsidwa, wa papepala thu fayifi!" Amayi kuunjikana. Wina akagula nyemba, iwo: "Ukaziwoletsanso ngati chaka chatha? Tenga buku, mwana wako akakuwerengere." Kwa a Chikhumbo, amene anabwera kudzaonerera: "Inu munandithira tiyi kumaso, gulani lina." Anagula. Lachitatu tsopano.

Ena amafuna siginecha. Anjelina ankabweretsa buku ku makala, ine kusayina, iye kubwerera. Zala zakuda, ndinadetsa awiri. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anati watopa, miyendo si ya boma. Anthu akudikira. Ndinasendera. Ndinasenderanso. Mpaka ndinapezeka ndakhala pa katoni, kumbuyo kwawo, chammbali, maso pansi.

Kenako bambo wina anapereka K5,000 ya buku limodzi. Anjelina anali atapita kukagula madzi. Apongozi anafufuza pa mfundo ya chitenje, osapeza. Osatembenuka, anati:

"A Mwale, muli ndi chenje cha faifi sauzande?"

Kwa ine. Popanda "uwauze." Zaka 23, mawu oyamba ndi amenewo.

Ndinayankha kuti chilipo, amayi. Mawu anatuluka ngati a mwana. Ndinapereka ndi manja awiri, ndalama ina n'kugwera mu nanyati. Amayi a tomato anaimba nthungululu. Anjelina pobwera anapeza zatha, akuti moyo wake wonse sadzandikhululukira kuti anaphonya.

Apongozi agulitsa 22. Ine sabata ija anayi. Mwini sitolo ya mbewu akufuna khumi oti aziika pa kauntala. Mphunzitsi uja wabweranso, akuti ndikayankhule ndi ana a Sitandade 8 za kulemba. Ine!

Poweruka apongozi anandiuzanso mawu ena, maso ali ku nyemba: pa buku lililonse K500 ndi yawo, chifukwa nkhope ndi yawo. Kuphatikiza anayi ndinagulitsa iwo ataphimbidwa aja.

Lolemba, 8 Julayi

Dzulo a Vinsenti alengeza m'tchalitchi, mochedwa ndi sabata. Anayamba ndi kupepesa za duku. Mpingo wonse kuseka. Katebulo Lamulungu likudzali, apongozi akuti adzakhalapo okha.

Panjira ya kudimba m'mawa uno takumananso ndi apongozi. Miyendo inayamba yokha kulowera kutchire. Iwo anaima. Anati chitedze chakwana, ndiime pomwepo. Ndinaima, chipewa m'manja.

Akuti za Loweruka zinali za malonda, sizikuwerengedwa. Kuti pakamwa patseguke bwinobwino, komanso chifukwa cha khaki, ndipereke nkhuku. Yaikazi. Ndinati madzulo ano, amayi, tili nazo zisanu ndi imodzi. Anandiyang'ana, maso omwe aja a pa chikuto. "Nkhuku za pabwalo pano n'zanga kale. Mukandipatsa yanga yomwe?" Ndinatchula nkhunda. Akuti nkhunda ndi ndiwo za odwala. Ya pamsika ayi. Ichokere kwanu, kwa abale anu, adziwe kuti mwana wawo analakwa ndipo wakonza.

Pochoka anafunsa ngati buku la nkhundalo lili ndi mutu wa kaphikidwe. Ndinati ayi. Anati ndiye si buku. Ndibwere ndi kope Lachisanu, kuseri kwa nkhokwe, mbali yawo.

Ndaimbira Roza. Waseka mpaka foni kuduka. Waimbanso yekha, akuti asankha yonenepa, ya mawanga. Ndaimbiranso a Hashim, ndawauza kuti tikadzasindikizanso, dzina la mayiwo likule, langa lichepe, ndipo chithunzi chidzabwera china cha duku lobiriwira. Ati, "Ndinakuuzani za nkhope." Ndavomera.

Mabuku ogulitsidwa 26, K65,000. Ya apongozi K13,000, ndapereka kudzera mwa Anjelina, chizolowezi. Kwa a Hashim ndatumiza pa foni K45,000. K7,000 ndasunga, poyambira thiransipoti ya ku Madisi. Mabuku otsala 73.

Ngongole yotsala: a Hashim, K15,000. Apongozi, nkhuku imodzi yaikazi.